Chidede cha M'munda Mwanga

1

Amuna anga ndinawathamangitsa ndekha, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuonerera. Ndinawaponyera malaya, mphasa ndi khasu pabwalo, ndikukuwa ngati wamisala. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti m'mawa wa tsiku lomwelo tinali titapangana mawu onse, mpaka malo oti ndiyambire kulira. Poyeserera m'nyumba tinkachita kugwa nako kuseka. Lero akuseka ndi ena.

Dzina langa ndi Feliya, kwathu ndi kwa Wimbe ku Kasungu. Ndimalima fodya ndi chimanga pamunda umene anandisiyira malemu amayi. Amuna angawo, a Chance, anabwera chikamwini kuchokera mudzi wa kuseri kwa senta yathu. Analibe ng'ombe, ngakhale njinga imene ankandifunsira nayo inali yobwereka. Ine ndinagwa ndi mano, musandiseke. Mano oyera mbee ngati ufa wa pamphasa. Munthu wolima fodya koma ndudu sanaiikepo pakamwa, ndipo m'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi mswachi wa mtengo, kupukuta dzino ndi dzino. Tiyi wa pakhomo pathu anali wa masamba a ndimu, wa mtengo wa kuseri kwa bafa.

Zaka zinapita tili awiriwiri, opanda mwana. Anthu ankanong'ona, koma a Chance ankangoti, "Asiye, Mulungu sachedwa."

Zinali zaka zija za makuponi a fetereza wotsika mtengo. Chaka china makuponi anachepa, thumba limodzi tinagawana mabanja atatu pogwiritsa ntchito mbale. Fodya anachita chikasu asanafike m'mawondo. Chimanga chinatha Khirisimasi isanakwane.

Ndili ndi akulu anga, a Lefina, amasiye. Amakhala kuseri kwa senta, m'nyumba ya malata imene anawasiyira malemu amuna awo. Ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo wina anawauza kuti azimwa chidede chowiritsa m'malo mwa tiyi. Ine chidede ndinkadzala m'mphepete mwa munda kuti tizidyera masamba ake, ndiye maluwa ake ofiira ndinkawayanika n'kumawapititsira m'kathumba. Ineyo sindinkamwa, chimandiwawasa pamtima.

Tsiku lina nditawapititsira, ndinawadandaulira za njala. A Chance anali pomwepo, atandinyamula panjinga.

"Vuto lanu mukuwerengedwa khomo limodzi," anatero a Lefina. "Mukanakhala makomo awiri, bwenzi makuponi ali awiri."

"Nanga tidzing'ambe pakati, asisi?"

"Lekanani."

"Asa! Mukuti chiyani?"

"Mwabodza, iwe Feliya. Alamu apite kwa amalume awo akalembedwe kumeneko, iwe ulembedwe kwanu ngati mayi wosiyidwa. A komiti ya makuponi amayamba kuganizira oterowo. Fetereza akalowa m'munda, mubwererane. Ndi angati amayambana n'kubwererana?"

Anaseka atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, monga ankachitira chimwalirireni amuna awo. Ine ndinkati ndi manyazi a umasiye. A Chance anangoyang'ana pansi, kenaka anati, "Nzeru zimenezi si zoipa, alamu."

2

Kulekana kwabodza kumafuna chifukwa chooneka choona. Ankhoswe anga, amalume a Zakeyo, ndi munthu woti banja la anthu omenyana ndi mipini amaliyanjanitsa tsiku limodzi. Ukanena za mowa, akuuza kuti upirire. Ukanena za ulesi, akuuza kuti mwamuna ndi mwana, uzimulera.

"Pali chifukwa chimodzi chokha chimene sangachikambirane," anandinong'oneza a Lefina tili awiri. "Ukanene kuti alamu sabereka."

"Asisi, zimenezo n'zolaula. Munthu ndimuvule pagulu?"

"Ndi mawu chabe. Mawu amadyedwa? Ukufuna fetereza kapena ukufuna ulemu?"

Nditawauza a Chance, anati, "Ngati ndi zimene mwagwirizana ndi akulu ako, nena."

Ndinanenadi. Nditaponya katundu panja, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mango a pakhomo, anthu atadzaza mpaka kumpanda.

"Mwana wanga, bambowa akulakwira chiyani?" anafunsa a Zakeyo.

"Ndatopa, amalume. Zaka zonsezi ndikungolima m'nyumba mopanda kulira kwa mwana. Bambowa ndi gojo. Sindikuwafunanso, azipita kwawo!"

Mayi wina anati, "Mayo ine!" Anyamata a kumpanda anayamba kukodolana. Ndinayang'ana a Chance kuti mwina anditsinzinira diso monga tinapangana, koma maso awo anali pa zala za kumapazi.

A Zakeyo anandifunsa mobwereza, kenaka anandifunsanso. "Mawu amenewa akatuluka sabwerera, Feliya. Ukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Banja linatha pomwepo, pamaso pa mboni. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anandiimitsa kudya mgonero. Ndinalira pang'ono, koma mumtima ndinkati, asiyeni, adzaona okha tikadzadinda mabelo.

3

Poyamba zinayenda, ndisaname. Ine ndinalandira makuponi anga, a Chance analandira awo kwa amalume awo. Thumba lawolo analibweretsa pangolo ya munthu wina, ngati ndagula kwa mavenda. Fodya anabiriwira mpaka odutsa m'njira ankaima.

Tinkakumana m'chigafa, mthunzi uja timayanikamo fodya, masana a tsiku la msika mudzi utapita kusenta. Ankadzera m'chimanga ngati wakuba. Abale, zinkakoma kuposa chibwenzi! Kunong'onezana pansi pa fodya wolendewera, mwamuna wako yemwe, ukuopa kugwidwa naye.

Titagulitsa fodya ndinati, "Basi bambo, bwererani kunyumba."

"Usapupulume. Tikabwererana panopa anthu atitulukira. Tidikire kalembera winayu adutse, tilandirenso kawiri."

Ndinavomera. Dyera, abale. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine mvulayo sindinkaiona.

Chaka chachiwiricho anayamba kubwera modumphadumpha. Thumba lawo silinafike, ankati kudepoti mzere ndi wautali, fetereza watha, abwera sabata yamawa. Ndipo tsiku lina m'chigafa muja ndinanena kanthu koseketsa, iwo n'kuseka mokweza mutu. Apo ndinawaona m'kamwa.

Mano aja sanalinso omwe aja. Anali atathimbirira, m'mphepete mwa nkhama muli mzere wakuda motuwa, m'mipata muli zoderaderako.

"Bambo, mano anu atani?"

Anatseka pakamwa msanga. "Atani?"

"Ada. Mwayamba kusuta?"

"Ine? Ndi tiyi chabe. Kuzizira kwa m'mawa pamzere wa kudepoti, munthu umalowa mutiyirumu."

"Tiyirumu ya ndani?"

"Aaa, iwenso! Wasanduka wapolisi?"

Tsiku limenelo anachoka asanadye mbatata zimene ndinawawotchera. Pasenta pathu tiyirumu ndi imodzi, ya mayi Zuwena, akazi a a Amiri a golosale. Mayi wojintcha, woyera, wonunkhira mafuta abwino, ndipo amuna awo sakhalitsa pakhomo, amakhala ali pa ulendo wopikula katundu. Sabata yonse ndinkaphika nkhaniyo mumtima mpaka inapsa yokha.

4

Ndinapita tsiku la msika, dala, kuti anthu amve. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuima pakhomo pa tiyirumu.

"Zuwena, tuluka! Tuluka undiuze chimene ukuwathirira amuna a eni ake mu tiyi wakoyo!"

Anthu anasiya kugula tomato. Abambo amene ankamwa tiyi m'katimo anatuluka makapu ali m'manja. Mayi Zuwena anatuluka akupukuta manja, mpango uli bwinobwino kumutu.

"Amuna a ndani, achemwali?"

"Anga! A Chance!"

Bambo wina anaseka mpaka tiyi anamutayikira. "Si uja munamuthamangitsa kuti ndi gojo? Lero wakhalanso wanu?"

Msika wonse unafa nako kuseka. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndilibe pakamwa. Ndikanati chiyani? Kuti tinanamiza ankhoswe, mpingo ndi a komiti?

Mayi Zuwena sanaseke. Anandigwira dzanja n'kundikokera kuseri, kumene amatsukira ziwiya. Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi, koma anandipatsa mpando.

"Mwandinyoza pagulu, koma ndikuona kuti mukupsa. Mwaona chiyani?"

"Mano awo. Akuti ndi tiyi wanu."

Anapukusa mutu. Anatenga kapu yoyera yachitsulo n'kundionetsa m'kati. "Iyi ndi ya a Amiri. Amamwa wakuda bii, wopanda mkaka. Mukuona kufiirira uku, ngati dothi la katondo? Mano awonso ndi otero, ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku." Anatenga ina. "Iyi ndi ya makasitomala. Pano ndimagulitsa wamkaka, ndipo wamkaka sagwira kwambiri, ungoti tsuku wachoka. Wa masamba a ndimu ndiye sasiya kanthu."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Ndikuti a Chance sanakhalepo pabenchi langa. Amabwera m'mawa, amagula mandasi n'kumapita. Ndimawaona mano akamandipatsa moni. Kuda kwake si kwa tiyi wa m'paketi. N'kotuwa, ngati phulusa lonyowa. Amayi anga kwathu ku Mangochi anali nako, ankamwa chidede m'mawa ndi madzulo. Chija n'chowawasa, chimayamba chakwecha dzino, kenaka mtundu n'kulowa."

Ndinasendeza mpando pafupi nawo.

"Mandasiwo amagula a munthu mmodzi?"

Mayi Zuwena anayang'ana kumbali. "Ine ndimagulitsa mandasi, achemwali, sindigulitsa nkhani. Ingofufuzani amene amalima chidede chambiri kuno."

"Ndine," ndinayankha. Mawu anatuluka okha. "Amene amalima ndine."

5

Sindinapite kwa a Lefina tsiku lomwelo. Ndinabwerera kunyumba n'kumadziuza kuti chidede aliyense angathe kumwa. Mwina a Chance amangodutsako kukapereka moni kwa alamu awo. Mwina asisi amawamvera chisoni munthu wogona kwa amalume. Ndinapeza zifukwa zodzaza dengu, koma m'mawa kutacha ndinatenga kathumba ka chidede chouma, kamene ndinali nditawasungira kale, n'kuyamba ulendo.

Miyezi imeneyo a Lefina ankandiletsa kubwera. Ankati akumakhala kuchipatala, chidedecho ndizingopatsira anthu. Ndinali ndisanawaone chiyambireni mvula.

Ndinadzera kumunda kwawo. Fodya wake anali wofika m'chifuwa, masamba otambalala, wobiriwira moderako. Mlimi aliyense amamudziwa fodya amene wadya fetereza kawiri. Thumba lija losowa kudepoti ndinalipeza litamera.

Sindinaodire. Ndinangozungulira kuseri.

A Chance anali pampando wa ndalema wa malemu alamu anga, opanda malaya, miyendo atatambasula. Pamphasa panali mbale ya mandasi ndi makapu awiri, utsi ukufuka, m'kati mofiira ngati magazi. A Lefina anali atakhala chotsamira khoma. Atandiona anayesa kudzuka msanga, koma thupi linakana, anachita kugwira khoma. Chitenje chinali chomangidwa pamwamba pa mimba, ndipo mimbayo inali yoti ngakhale mwana angaione.

Kathumba kanandigwa m'manja, maluwa aja n'kumwazika pabwalo.

"Asisi," ndinatero.

"Khala pansi, Feliya."

"Ndikhale pansi? Pati? Pamphasa imene mukudyerapo banja langa?"

"Banja lako liti? Si unalithetsa wekha pamaso pa anthu?"

"Munandiuza ndinu! Mawu onse munandiika m'kamwa ndinu!"

A Lefina anaseka pang'ono, ndipo ulendo uno sanatseke pakamwa. Ndinawaona mano onse, otuwa, mzere wakuda m'mphepete mwa nkhama. Chimodzimodzi. Zaka zonsezi m'bale wa m'mimba imodzi, ndinali ndisanawayang'anepo m'kamwa.

Ndinatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, yankhulani. Tinapangana kuti ndi sewero."

Anaika kapu pansi. "Linali sewero mpaka pamene unanena liwu lija."

"Munavomera nokha!"

"Ndinavomera kuti ndione ngati ungathe. Ndinkati pofika pamenepo lilime likukanika. Koma unalinena bwinobwino, Feliya, mokweza, mpaka kubwereza. Munthu sanena choncho chinthu chimene sanachiganizepo. Chaka chonse ana ankandiimba m'njira. Amuna anzanga ankasuntha ndikakhala pabawo. Amene ankandipatsa madzi osamba ndi awa."

"Zinayamba liti?"

A Chance anatolanso kapu yawo.

"Ndikufunsa! Zinayamba nditanena liwulo, kapena kale?"

A Lefina anayang'ana chidede chomwazika chija. "Pamene ndinkakupatsa nzeru ija, n'kuti alamu atazolowera kale kapu ya pakhomo pano. Umati ukawatuma kudzasiya kathumba ankachedwa chifukwa cha tcheni cha njinga?"

Mayo ine. Ndiye kuti ndinkalima ndekha, kuthyola ndekha, kuyanika ndekha, n'kumupachikira mwamuna pahandulo kuti akamwe.

Ndinafuna kuwagwera a Lefina, koma ndikanamenya pati, munthu ali ndi pakati? Ndinatola kapu imodzi n'kuiponya pakhoma. Inangolira ngwee, chidede n'kuyenderera pa laimu. Palibe anandigwira, palibe anandithamangira. Ndikutuluka pampanda ndinamva a Chance akuti, "Tolani maluwawo, angapondedwe ndi nkhuku."

6

Ndinapita kwa amalume a Zakeyo n'kuwaululira zonse, makuponi ndi sewero lomwe. Anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndinakufunsa, mwana wanga. Ndinabwerezanso."

"Linali bodza, amalume."

"Bodza limene unalumbira pamaso pa ankhoswe. Lero ndikaitane anthu omwe aja ndikawauze kuti tinawasonkhanitsira fetereza? A komiti akamva akufufuta, mwinanso nkhani ifika kupolisi. Zimene wachita Lefina n'zonyansa, ndipo pakhomo panga asadzapondepo. Koma mlandu wa banja palibe. Mwamuna uja ndi mbeta, unamumasula wekha."

Mwana anabadwa nthawi yokolola, wamwamuna, mphuno ndi chipumi cha a Chance. Kuyambira pamenepo nyimbo inatembenuka. Kuchitsime ndikafika amayi amatsokomola. Wina anachita kunena mokweza kuti, "Kani khasu linali labwinobwino, wouma ndi munda." Mwina akunena zoona, ndani akudziwa.

Chaka chotsatira dzina langa silinatuluke pa makuponi. Palibe anandiuza chifukwa, ndipo ine sindinafunse. Fodya ndinasiya, chigafa chinagwa ndi chiswe. Kumpingo anandibwezera, koma ndimakhala kumbuyo. Mayi Zuwena ndinakawapepesa, ndipo ndi okhawo pasenta amene amandipatsa moni osayang'ana kumbali.

A Chance ndimakumana nawo nthawi zina pa tsiku la msika, mwana ali paphewa. Amandipatsa moni waulemu ngati mlendo, "Muli bwanji mayi?" Mano aja tsopano ada kotheratu, mswachi anausiya. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti akamwetulira, ngakhale ali otero, ndimawafunabe. Ndimadzida nazo, koma ndi mmene zilili.

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti muziyang'ana amuna anu m'kamwa. Ine ndinayang'ana, ndinaona, ndipo sizinandibwezere kanthu. Mano amangonena za kapu imene munthu wakhala akumwera, ndipo pamene akuyamba kunena n'kuti miyezi itapita kale. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti pali mawu ena osayenera kubwerekedwa, ngakhale kwa tsiku limodzi, ngakhale njala italuma chotani. Ine ndinabwereka liwu limodzi kwa akulu anga kuti ndipeze thumba la fetereza. Fetereza anatha chaka chomwecho, liwu lija likadali m'mudzi.

Chidede ndinachizula chonse, ndinachiwotcha pamodzi ndi mapesi. Koma chija chimadzigwetsera njere. Mvula yoyamba ikangogwa chimamera chokha m'mphepete mwa munda, mzere wonse, mitengo yake yofiira. Chaka chatha ndinazula. Chaka chino ndiwo zavuta, ndiye ndikuthyola masamba ake n'kumadya.